Mmene Tidafunira Loya pa Nkhani ya Ana a Mlongo Wathu

Nkhani imene tikulemba pano ndi ya m'nyumba mwathu, ndipo takhala nthawi yaitali tikukayika ngati n'koyenera kuitulutsa kunja. Tidayamba tapempha chilolezo kwa mwini wake, mlongo wathu, ndipo iye adati: "Lembani achimwene, koma musatchule dzina la munthu, pakuti anawa ali ndi bambo wawo, ndipo tsiku lina adzawerenga." Chotero maina sititchula. Ife olemba ndife alongo ake awiri, ndipo wamkulu mwa ife ndiye adali nkhoswe pa ukwati wake.

Mlongo wathuyu adakwatiwa mu 2011, ukwati woyera, m'tchalitchi cha kwathu ku Angónia. Alamu athu adabwera kudzakhala pachikamwini monga mwa mwambo, tidawapatsa munda ndi kadimba kolimamo kachewere, ndipo padabadwa ana atatu. Mu 2017 alamuwo adapeza ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Tonse tidakondwera. Zaka ziwiri zoyamba ndalama zinkafika pafoni mwezi uliwonse, nyumba idafoleredwa ndi malata, ana adavala nsapato. Kenaka ndalamazo zidayamba kudumpha miyezi, ndipo pofika mu 2021 zidalekeratu. Amene adatiuza kuti kumeneko kuli mkazi wina ndi khanda adali mnyamata wa m'mudzi mwathu wogulitsa tomato ku Moatize.

Tidachita zimene makolo athu adatiphunzitsa. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri tidakhala pansi kanayi. Akulu a mpingo adalemba makalata awiri owaitana alamuwo, ndipo iwo adabwera kamodzi kokha. Tsiku limenelo sadakane kanthu, sadakwezenso mawu. Titafika pa nkhani ya chakudya cha ana, adatiyang'ana ife awiri n'kunena modekha kuti: "Alamu, kodi ana si akuchikazi? Amalume awo si inu muli apanu?"

Mawu amenewa adatitseka pakamwa, pakuti adatigwira ndi mwambo wathu womwe. Kwathu ana ndi mbumba ya malume wawo. Ife ndi amene timaitanidwa mwana akadwala, ife ndi amene timakhala pamphasa akafuna kukwatiwa. Tidachita manyazi kupempha mwamuna wobwera kuti adyetse mbumba yathu, ndipo tidayankha monyada kuti ana sadzagona ndi njala ife tili moyo. Lero tikuona kuti kunyada kumeneko kudawalanda anawo zaka ziwiri. Mwambowu udakhazikika m'nthawi imene chuma chinali munda ndi khasu, ndipo mkamwini ankalima munda womwewo umene ana ankadyamo. Makolo athu sadaganizepo za mkamwini wolandira malipiro kutali, wodyetsa nyumba ina, pamene kwa ana ake kukufunika feteleza, makope, sopo ndi ndalama ya kuchigayo. Ife awiri tili ndi ana athu asanu ndi anayi. Tinkagawana zochepa zimene tinali nazo, koma nkhokwe zathu sizidamangidwe kuti zidyetse nyumba zitatu.

Mu February 2022 mphunzitsi wina, amenenso ndi mkulu wa mpingo, adatifunsa chifukwa chimene mwana woyamba wa mlongo wathu, mtsikana wa zaka 10, sankaonekera kusukulu kwa masabata atatu. Tidampeza akupalira m'munda wa eni ake pamodzi ndi mayi ake, malipiro ake mbale ya ufa. Mlongo wathu adatibisira, poopa kutilemetsa.

Ngakhale zidafika pamenepo, tidazengerezabe miyezi ina, ndipo chifukwa chake tichinene poyera, pakuti tikudziwa kuti si ife tokha. Tinkaganiza kuti kufuna loya ndiko kuthetsa ukwati, ndipo kuti amene wayamba kuponda pakhomo la khoti ndiye wapasula banja. Mlongo wathu ankaopa kuimitsidwa mgonero, ankaopanso maso a anzake a m'Chigwirizano. Amene adatimasula ndi abusa athu. Titawafotokozera zonse, adakhala chete kanthawi, n'kunena kuti: "Mpingo ungathe kulangiza munthu, kumudzudzula, ngakhale kumuimitsa. Koma mpingo ulibe mphamvu yopisa m'thumba mwake. Mphamvu imeneyo ili ndi boma. Pitani, ndipo musapite mobisala."

Koma tsono kupita kuti? Palibe mmodzi mwa ife amene adaonapo loya ndi maso. Kuno timangomva kuti advogado, ndipo m'maganizo mwathu adali munthu wa jekete ndi chikwama, wolankhula Chipwitikizi chothamanga. Munthu wotere ndi amene tidakumana naye ku boma, ataima pamthunzi pafupi ndi maofesi. Adatiwerenga pankhope kuti ndife osochera. Adatipatsa moni waulemu, adadzitchula kuti dotolo wa malamulo, adamvetsera nkhani yathu akugwedeza mutu mwachisoni, ndipo adati mlandu wotere iye amautha m'masabata awiri. Adafuna mametikali 4,000 oyambira. Tidagulitsa mbuzi ziwiri. Tidampatsa ndalamazo pamodzi ndi zikalata zenizeni za kubadwa kwa ana awiri, ndipo iye sadatipatse kapepala kalikonse kosonyeza kuti walandira. Miyezi itatu tidamva nyimbo imodzimodzi: woweruza wadwala, mlembi wapita kumaliro, pakufunika kena kowonjezera. Kenaka foni yake idazima. Zikalatazo tidazilanditsa kudzera mwa mbale wake wina wochita manyazi. Mbuzi zathu zidapita.

Pambuyo pake tidaphunzira zimene zikadatipulumutsa tsiku loyamba lomwelo. Loya weniweni m'dziko muno amalembedwa m'kaundula wa bungwe la maloya lotchedwa Ordem dos Advogados de Moçambique, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1994, ndipo amakhala ndi chitupa cha ntchito yake chokhala ndi nambala. Kumupempha kuti akuonetseni chitupacho si chipongwe. Amakhala ndi ofesi yoti mungathe kubwererako mawa, amalemba lisiti, ndipo salonjeza tsiku limene woweruza adzagamule, pakuti iye si woweruza. Ndipo zikalata zenizeni sizichoka m'manja mwanu. Chimene mumasiya ndi fotokope.

Titapsa chala chotero, tidaganiza kuti maloya enieni ali ku Tete basi. Mu October 2022 tidakwera chapa mbandakucha atatu, ife awiri ndi mlongo wathu. Ulendowu ndi wa makilomita opitirira 200, kutsika kuchoka kumapiri ozizira a kwathu, kudzera pa Mussacama, kulowa m'dziko la malambe ndi kutentha kumene ife a ku Angónia sitikuzolowera. Msewuwo umadutsa pakati pa Moatize. Galimoto itaima pamenepo kutsitsa anthu, mlongo wathu adadzifunda chitenje kumutu mpaka tidanyamukanso. Tidaoloka Zambezi dzuwa lili paliwombo, malaya atanyowa ndi thukuta.

Loya amene tidamupeza adali mayi wachikulire ndithu, wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi, ndipo tidamvana bwino. Tidalipira ndalama yongoonana naye, ndipo atatchula mtengo woyendetsera mlandu wonse tidangoyang'anana, pakuti udaposa zokolola zathu za chaka. Koma mayiyu sadatithamangitse. Adatifunsa chimene tikufuna, ife n'kuyankha kuti chisudzulo cha kuboma, kuti alamu athu akakamizidwe kuthandiza ana. Adapempha chikalata cha ukwati. Mlongo wathu adatulutsa m'pulasitiki chikalata cha kutchalitchi, chosungidwa bwino zaka 11, chopanda ngakhale banga. Mayiyo adachiwerenga, adachitembenuza, n'kufunsa kuti: "Nanga ku Registo Civil mudakalembetsa?"

Sitidamvetse funsolo. Adatifotokozera pang'onopang'ono. Lamulo la banja la dziko lino, limene m'Chipwitikizi amati Lei da Família, lidakhazikitsidwa mu 2004 ndipo lidakonzedwanso mu 2019. Limazindikira maukwati a mitundu itatu: wa kuboma, wa kutchalitchi ndi wa mwambo. Ukwati wa kutchalitchi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi uli ndi mphamvu yofanana ndi wa kuboma, koma pokhapokha zofunika za lamulo zitatsatidwa ndipo ukwatiwo utalowa m'mabuku a Registo Civil. Wa mlongo wathu sudalowemo. Tidavina, tidapha ng'ombe, tidasaina m'buku la mpingo, koma panalibe amene adapita ndi pepala ku boma. Pamaso pa boma, adatero mayiyo, awiriwa adali mwamuna ndi mkazi okhalira pamodzi, chimene lamulo limachitcha união de facto. Kukhalira pamodzi kotereku lamulo limakuwerengera kukapitirira zaka zitatu, kumene lamulo la 2004 linkati chaka chimodzi, ndipo katundu amene awiriwo apeza ali limodzi amatengedwa kuti ndi wa onse. Koma chisudzulo chimene tidayendera ulendo wonsewo panalibe pochigwira, pakuti m'mabuku a boma munalibe ukwati woti uthetsedwe.

Mlongo wathu adalira pamenepo, ndipo tikukhulupirira kuti sadalirire mlandu. Kumva kuti zaka 11 zako sizidalembedwe paliponse pamene boma limayang'ana ndi chinthu chowawa, ngakhale ukudziwa kuti malumbiro ako udachitira pamaso pa Mulungu ndi mpingo.

Mayiyo adamudikira kuti atonthole, ndipo kenaka adanena chinthu chimene chidasintha nkhani yathu yonse. Adati tidamanga nkhani ziwiri m'mtolo umodzi, ya ukwati ndi ya ana, pamene lamulo limazisiyanitsa. Udindo wa kholo wolera mwana suchokera m'chikalata cha ukwati ayi, umachokera m'kubala. Kaya makolo adakwatirana kuboma, kutchalitchi, kaya sadakwatirane n'komwe, kaya akali pamodzi kaya adasiyana, bambo ndi mayi onse awiri ali ndi udindo wodyetsa, kuveka, kugoneka, kuchiritsa ndi kuphunzitsa mwana wawo. Malamulo aakulu a dziko amaletsanso kusala mwana chifukwa cha mmene adabadwira. Chotero mayi angathe kupempha khoti kuti ligamule za thandizo la ana, lija amati pensão de alimentos, ndi za kumene anawo azikhala, popanda kupempha kuti banja lithe. Tikadadziwa zimenezi mu 2021, mlongo wathu sakadalimbana ndi chikumbumtima chake chaka chathunthu pa chinthu chimene panalibe womupempha kuti achite.

Ndipo adatiuza kuti tibwerere kwathu. Nkhani za ana zimaweruzidwa ku khoti la kumene anawo akukhala, osati kumene bambo akugwira ntchito. Adatilembera pakapepala maina awiri. Loyamba lidali IPAJ, ndiko kuti Instituto do Patrocínio e Assistência Jurídica, bungwe la boma la pansi pa unduna wa zachilungamo, lokhazikitsidwa mu 1994 kuti liziimira pa milandu anthu osatha kulipira loya, ndipo lili ndi maofesi m'maboma ambiri. Lachiwiri lidali Procuradoria, kumene kuli woimira boma amene pa nkhani za ana amatchedwa curador de menores, amene ntchito yake ndi kuteteza ana pamaso pa khoti, ndipo angathe kuyambitsa yekha mlandu wa thandizo m'dzina la mwana. Titabwerera, ofesi imene tinkaifuna tidaipeza pamtunda wosakwana kuyenda mphindi khumi kuchokera pamthunzi paja tidaperekera ndalama za mbuzi.

Kumeneko sadafune ndalama, koma adafuna mapepala. Loyamba lidali chikalata chotsimikiza kuti munthu ndi wosauka, atestado de pobreza, chimene chimayambira kwa atsogoleri a kumudzi mpaka kukadindidwa ku ofesi ya boma. Tisabise, chidatiwawa kuona dzina la mlongo wathu pansi pa mawu amenewo, ife amene tidadzitama kuti mbumba yathu sidzasowa kanthu. Padafunikanso chitupa chake ndi zikalata za kubadwa za ana onse atatu, ndipo apa padatulukira vuto lina: mwana wotsiriza, wobadwa bambo ake ali ku Moatize, adali asanalembetsedwe. Zimenezi zidatidyera masabata angapo. Mwamwayi alamu athu sadakane kuti mwanayo ndi wawo. Akadakana, pakadafunika mlandu wina wofufuza bambo wake, nkhani ya thandizo la mwana ameneyo isanayambe.

Chimene sitidzaiwala ndi ntchito imene wotiimira uja adampatsa mlongo wathu. Adamuuza kuti akalembe zonse zimene ana atatu amadya ndi kugwiritsa ntchito pamwezi, chilichonse ndi mtengo wake, pakuti khoti limayeza zinthu ziwiri: zosowa za mwana ndi mphamvu za kholo lopereka. Tidakhala naye usiku wina ndi nyali, tikulemba m'kope la sukulu: chimanga, chigayo, mchere, mafuta, sopo, makope, zolembera, yunifolomu, nsapato, ulendo wa kuchipatala. Iye anali asanawerengepo zimenezi chibadwire. Ankangoona kuti zatha. Titaphatikiza, adayang'ana nambalayo nthawi yaitali n'kunena kuti: "Achimwene, kodi zonsezi ndakhala ndikuzipeza kuti?" Ifenso tidalibe yankho.

Tsiku la khoti lidafika mu 2023. Ife tinkayembekeza mlandu wa mfuwu ndi kulozana zala, koma woweruza adayamba ndi kukhazika makolo awiriwo pansi kuti aone ngati angagwirizane, monga momwe ankhoswe amachitira. Zonse zinkanenedwa m'Chipwitikizi, ndipo panali womasulira. Alamu athu adavomera kupereka, koma adaika mawu awo: ngati azilipira, ndiye atenge mwana wachiwiri, mnyamata, akakhale naye ku Moatize. Apa magazi athu adawira. Wamng'ono mwa ife adaimirira osapatsidwa mpata n'kunena kuti ana ndi mbumba yathu, ndipo mkamwini satuluka ndi mwana pamudzi. Woweruza adamukhazika pansi, ndipo adanena mofatsa kuti m'chipindamo mwana sagulidwa ndi malipiro a bambo, ndiponso sasungidwa ngati katundu wa amalume. Chimene khoti likufuna kudziwa ndi kumene mwanayo angakule bwino. Tidazindikira kuti mwambo umene alamu athu adabisalamo pothawa udindo ndi womwewo umene ife tidautola ngati chibonga powakaniza ana awo. Kunena zoona, tidapita kumeneko tikufuna kuti munthuyo alipire koma asadzawaonenso anawo, ndipo chimenecho sichidali chilungamo.

A zachisamaliro cha anthu adabwera kudzaona pakhomo, adacheza ndi mtsikana wamkulu uja payekha, ndipo chigamulo chidatuluka. Ana onse atatu akhale ndi mayi awo, asalekanitsidwe. Bambo awo aziwatenga pa tchuthi chachikulu cha sukulu, ndipo ali ndi ufulu wodzawaona. Mwezi uliwonse azipereka ndalama yakutiyakuti, yocheperapo pa ija tidalemba m'kope, pakuti khoti lidawerengeranso khanda la ku Moatize lija, limenenso ndi mwana ndipo silidalakwe kanthu. Alamuwo adapereka miyezi iwiri, wachitatu n'kukhala chete. Ulendo uno sitidatume ankhoswe. Tidabwerera kwa wotiimira, khoti lidalembera kumene amagwira ntchito, ndipo kuyambira pamenepo ndalamayo imadulidwa pamalipiro asanawalandire.

Tikudziwa kuti pamenepa tidachita mwayi, chifukwa alamu athu ali pa ntchito yolembedwa. Mayi wina wa mumpingo mwathu, amene tidamuperekeza ku ofesi yomweyo chaka chotsatira, mwamuna wake ndi wa geni yoyendayenda, lero ali ku Dedza mawa ku Joni, ndipo ngakhale pepala la khoti ali nalo, palibe malipiro oti adulepo. Pepalalo limagwira ntchito mwamunayo akaonekera pamudzi.

Za katundu mlongo wathu adasankha kusalimbana nazo. Nyumba ili pamalo a kwathu ndipo akukhalamo ndi ana. Njinga yamoto imene idagulidwa ndi ndalama za kachewere adati ipite. Ife sitidagwirizane naye, koma mwini nkhani ndi iye. Za ukwati wake pamaso pa mpingo zidakambidwa m'bwalo la akulu, kumene ndi malo ake, ndipo sitizilemba pano, kupatula kunena kuti pa mgonero amakhala pamzere womwewo umene ankakhala kale. Mwa ife awiri, wamkulu atabwerera kunyumba kuchokera ku Tete kuja adafunsa akazi ake kumene kuli chikalata cha ukwati wawo, ndipo adapeza kuti nawonso, patatha zaka 24 ndi ana asanu, m'mabuku a boma mulibe. Adapita ku Registo Civil ndi mboni ziwiri, akazi awo akuseka njira yonse kuti akukwatiwa kachiwiri ndi nkhalamba yomweyo. Abusa athu tsopano amafunsa za pepala limeneli kwa aliyense wobwera kudzalembetsa ukwati.

Mu December 2023 tidaperekeza anawo kokwerera chapa ku Ulongwe, ulendo wawo woyamba wopita kwa bambo awo. Alamu athu adabwera okha kudzawatenga. Tidapatsana moni wa manja awiri, tidafunsana za mvula, ndipo panalibe amene adatchula za khoti. Mlongo wathu sadapite nawo kokwererako. Adatsala akuchapa zovala zimene zinali zoyera kale. Anawo adabwerako mu January, sukulu isanatsegulidwe, mnyamata uja atavala nsapato zazikulu zoti adzakuliramo, ndipo mtsikana wamkulu atanyamula chithunzi cha mng'ono wawo wa ku Moatize, chimene adachikhoma pakhoma pafupi ndi kalendala ya mpingo. Mayi ake sadachichotse.